Ng'ombe Zoikiza kwa Nason Mwale

Mutu 6

1. Khola Losaoneka

Eston Zimba anamwalira m'mwezi wa Julaye, chaka chija anyamata a kwa Magodi anayamba kulembedwa usilikali wa nkhondo ya azungu. Anasiya mwana mmodzi yekha, Tryphena, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Mayi ake a Tryphena anali atatsogola kalekale iye akadakwawa, ndiye anamulera ndi a Jemima, mlongo wawo wa a Eston, amene iye ankawaitana kuti ankhazi.

Mtsikanayu mutu unali bwino. Kusukulu ya mishoni anali atamaliza Sitandade 4, ndipo mtima wake wonse unali pa uphunzitsi. Koma nzeru za m'kalasi zili ndi kamatenda kake. Tryphena anafika poganiza kuti chinthu chikapanda kulembedwa ndiye kuti ndi mphekesera chabe.

Mwambo wa m'mudzimo unali wodziwika ngakhale kwa ana. Mwamuna akafa wopanda mwana wamwamuna, khola lake limagwera mng'ono wake. Mng'ono wa Eston anali Amock, munthu amene sankaona ng'ombe ya mnzake osameza malovu. Dothi la pamanda lisanaume n'komwe, Amock anali atayamba kale kuzungulira khola la malemuwo, manja kumbuyo ngati wogula. Anauzanso mkazi wake, NyaShawa, mokweza kuti mudzi wonse umve, kuti za mabuku zatha, mtsikana akwatiwe mvula isanagwe.

Koma Eston ankamudziwa bwino mng'ono wakeyo, poti anayamwa bere limodzi. Zaka zinayi m'mbuyomo, pobwerera ku migodi ya ku Wankie, anagula misoti itatu ya ng'ombe. Sanafike nayo kwawo. Anakaiikiza kwa mnzake wa kumgodi, Nason Mwale, tsidya la mtsinje wa Lundazi, njira yolowera kwa Mwase.

Kuikiza ng'ombe ndi nkhani ya anthu awiri. Mwini amasiya, wosunga amasunga, amamwako mkaka ndi kuthira ndowe m'munda mwake, ndipo mboni yawo ndi Mulungu basi.

Ng'ombezo Tryphena anaziona kamodzi kokha. Atate ake anamutenga ngati akukacheza, ndipo atafika kukholako anamuuza kuti atche dzina msoti umodzi wofiira, wa banga loyera pamphumi. Iye anautcha Nthanda.

Tsiku lomaliza, Eston anaitana mwana wake ndi mlongo wake, nanena movutikira kuti, "Ng'ombe zili kwa Nason ndiyo sukulu ya mwanayu. Musazitchule mpaka chuma changa chitagawidwa." Sananenenso china chomveka.

2. Fodya wa Pamaliro

Nason Mwale anabwera kumaliro. Anali munthu wamtali, wowonda, wa chifuwa chouma chimene anachitenga kumgodi. Tryphena anamuyang'anira masiku awiri onse kuti mwina amutsinzinira diso kapena kumuitanira pambali. Ayi ndithu. Nason anangomugwira dzanja n'kunena kuti "Pepani," monga ananenera wina aliyense.

Choipitsitsa, anakakhala pafupi ndi Amock, natulutsa kansupa ka fodya. Anafwenkha onse awiri, anayetsemula onse awiri, ndipo Amock anaseka mpaka mano a kumapeto kuonekera. Tryphena zinamuwawa kwambiri.

Maliro atabalalika, anapeza ankhazi ake akusenda mtedza kuseri kwa nkhokwe.

"Ankhazi, a Mwale aja atigulitsa," anatero.

"Wamva kwa yani?"

"Ndaona ndi maso anga. Ine sanandiyang'ane n'komwe, koma ndi adada a Amock fodya wa nsupa imodzi. Nanga akadzakana? Nanga chifuwa chija chikawatenga? Tilibe pepala, tilibe mboni, tilibe kanthu."

A Jemima anakankhira lichero pambali.

"Khala pansi, NyaZimba, undimve bwino, chifukwa sindibwelezanso. Tsiku lometa, akulu adzayala mphasa. Chilichonse cha adada ako chimene chidzatchulidwe pamphasa paja, kaya khasu, kaya bulangete, kaya ng'ombe, chidzakhala m'manja mwa Amock. Chimene sichinatchulidwe sichigawidwa. Mphasa ikapindidwa nkhani yatha, palibe amaiyalanso. Ndiye chida chako si pepala, mwana wanga. Chida chako ndi pakamwa potseka, kwa masabata atatu okha.

"Za Nason usade nazo nkhawa. Munthu uja denga la mgodi linamugwela, ndipo amene anamukoka mwendo ndi adada ako. Unafuna akusekelele pamalilo kuti Amock ayambe kununkhiza? Nkhuku yochenjela ikaikila kuthengo siitetela pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

"Ndipo china ndi ichi. Ukakumana ndi munthu wosamudziwa, usanamuuze ngakhale dzina la galu wako, yamba wafunsa chiwongo chake, kwao, ndi kumene alongo ake anakwatiwa. Dziko lino ndi laling'ono, tonse tinalukana ngati mphasa. Ukakoka bango kuno, kugwedezeka n'kwa Mwase. Akulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Wamva?"

"Yewo, ankhazi," anayankha Tryphena. Koma anavomera ndi pakamwa pokha.

Zoona zake n'zakuti mtsikanayu anali atamva kale mbiri ya munthu wina ku Boma. Amayi opita kukagulitsa mtedza ankati pansi pa mkuyu wa pamsika pamakhala bambo wina dzina lake Jethro, amene anagwirapo ntchito yomasulira m'khoti ku Fort Jameson. Ankati amadziwa malamulo a azungu, ndipo akalemba pepala ngakhale mesenjala amalilandira ndi manja awiri. Masiku amenewo loya weniweni anthu ankangomumva mbiri, kuti ali kutali ndipo ndi wa azungu okhaokha. Kwa anthu wamba, Jethro ndiye anali loya.

Sabata itatha, Tryphena anapempha kuti atsagane ndi amayi aja, akagule mchere ndi sopo za tsiku lometa. A Jemima analola. Sanaone kuti pansi pa mtedza, m'dengu, munali thadzi lomangidwa miyendo.

3. Pansi pa Mkuyu

Analawira m'mawa, ndipo anafika ku Boma dzuwa lili pamutu. Anzake atayala mtedza wawo, Tryphena anati akukafuna sopo, nalunjika kumkuyu.

Sanavutike kumupeza. Anali bambo wonenepa bwino, wa jekete ya khaki, cholembera kukhutu, magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Tebulo lake linali bokosi la palafini. Pamtengo panatsamira njinga yakuda yonyezimira, ya belu. Pamwamba pake panakhomedwa kathabwa kolembedwa kuti JETHRO, MLEMBI WA MAKALATA.

Tryphena anagwada.

"Monile, adada."

"Monile, mama. Muli uli?"

"Nili makola, kwali imwe?"

"Makola. Nanga ndinu a chiwongo chanji, ndipo mwachokela kuti?"

Taonani, munthu wa m'tauni, wa magalasi, anayamba ndi mwambo wa makolo.

"Ndine NyaZimba, mwana wa malemu Eston Zimba, wa kwa Magodi."

Jethro anavula magalasi, nayamba kuwapukuta pang'onopang'ono ndi nsonga ya jekete. "Eston Zimba," anatero. "Pepani, mama. Pepani kwambili."

Apa ndi pamene Tryphena akanabweza funso lija. Linafika ndithu palilime. Koma anayang'ana kathabwa kaja, naona kuti dzina lalembedwa kale, nanga wina angafunsenso chiyani pa chinthu cholembedwa? Analimeza funsolo.

Anayamba kufotokoza. Ananena za khola limene likupita kwa Amock, za ukwati umene akumukonzera, za sukulu, kenako anatsitsa mawu nanena za ng'ombe zoikiza. Jethro ankamvetsera mutu uli pambali, akugwedeza ngati mbusa wa mpingo.

"Mwachita bwino kubwela," anatero. "Anthu akumudzi amaluza chuma chifukwa cha umbuli. Amati tinapangana, tinapangana. Khoti silidziwa kupangana, limadziwa pepala. Inu ndiye mwaphunzila zoona. Tsono ng'ombezo ndi zingati?"

"Zitatu."

"Maonekedwe ake?"

"Ina yakuda bii, ina yotuwa ya nyanga imodzi yopindika. Yachitatu ndiye Nthanda."

Pa Nthanda Tryphena anachedwapo. Ananena za kufiira kwake, za banga la pamphumi, za mmene inamunyambitira dzanja tsiku lija. Kwa nthawi yoyamba chimwalirire atate ake, anamwetulira.

"Nanga kwa Mwaleko munthu amayenda bwanji? Pepala la khoti limafuna zonse."

Anamufotokozera zonse. Anati pochokera kwa Magodi, ukafika pamphambano ya pa chulu chachikulu, njira ya kumanzere ndi ya ku Boma, ya kumanja ndiyo imatsikira padooko, ndipo ukaoloka, khola la Mwale lili kuseri kwa nsungwi.

Jethro anatulutsa pepala loyera, naviika cholembera mu inki, nam'patsa.

"Lembani nokha, mama. Dzanja la mwana wa malemu lili ndi mphamvu kuposa langa. Lembani kuti ng'ombe izi ndi za Eston Zimba, zili kwa Nason Mwale, ndipo musaine pansi. Mwale akadzafuna kukana, pepala lidzamugwila pakhosi."

Tryphena analemba ndi dzanja lake labwino lija limene aphunzitsi ankaonetsa ana ena. Jethro analiuzira kuti liume, nalipinda, naliika m'thumba la mkati.

"Likhala ndi ine, ndikalidinditse sitampa ku ofesi. Tsiku logawa ndi liti?"

"Loweluka la sabata ya mkuja."

"Ndidzabwela ndekha kudzakuimilani."

Mtsikana anafukula thadzi lija m'dengu, nalipereka ndi manja awiri. Jethro anakweza chikhatho.

"Iyayi, mama. Mwana wamasiye ine sindimulipilitsa. Bwelelani nayo nkhuku yanu."

Pobwerera, Tryphena mapazi ankangoyenda okha. Ankati wapeza munthu woopa Mulungu. Ankhazi ake sanawauze kanthu, poti ankafuna kudzawadzidzimutsa ndi nkhani yabwino, aone kuti sukulu si masewera.

4. Mphasa

Loweruka lija linafika. M'mawa achibale onse anameta, mitu ili mbee padzuwa. Atatha kudya, anayala mphasa pansi pa mtondo. Woyendetsa mwambo anali a Solomon, mkulu wa banja lonse la a Zimba, nkhalamba yofatsa imene inkangofuna kuti zinthu zithe anthu asanayambane. Amuna anakhala mbali ina, akazi mbali ina. Nason Mwale anali pakati pa alendo, chipewa pabondo.

Katundu anayamba kutchulidwa. Makasu, nkhwangwa, nsapato za kumgodi, bokosi lachitsulo, ng'ombe zisanu ndi zitatu za m'khola la pamudzi. Zonsezo zinapita kwa Amock. A Jemima anapatsidwa bulangete. Tryphena anapatsidwa mphika wa malemu amayi ake ndi buku la nyimbo.

"Ndifunsa katatu monga mwa mwambo," anatero a Solomon. "Kodi chilipo china cha Eston chimene chatsala?"

Panali zii.

"Kachiwili. Chilipo china?"

A Jemima anafinya dzanja la Tryphena pansi pa nsalu. Panatsala funso limodzi kuti mphasa ipindidwe.

Ngiri, ngiri, ngiri! Belu la njinga linamveka kumsewu.

Tryphena mtima unadumpha ndi chimwemwe. Anayamba kudzuka kuti akalandire mlendo wake. Koma wina anali atamutsogolera. NyaShawa, mkazi wa Amock, anathamanga nsalu ili m'manja, akululutira.

"Adumbu! Adumbu afika!"

Ankalandira mlongo wake.

Jethro anatsamiza njinga pa mtengo wa mango, nagwirana chanza ndi Amock. "Mlamu, ndachedwa, tayala linaphwa," anatero, nakhala pampando umene unali utaikidwa kale pambali pa Amock. Jethro sanamuyang'ane n'komwe Tryphena.

"Ameneyu ndi Jethro Shawa," ananong'ona a Jemima, "mlongo wake wa NyaShawa, uja anatayikila ku Fort Jameson iwe usanabadwe. Akudzatani kuno?"

Atatembenuka n'kuona nkhope ya mwana wa mlongo wawo, sanafunsenso. Dzanja lawo linamasuka lokha.

Jethro anaimirira, nakonza magalasi, natulutsa pepala. Analiwerenga mokweza, mosathamanga, monga ankachitira m'khoti. Anatchula yakuda, yotuwa ndi yofiira. Anatchula Nason Mwale. Anatchula khola la kuseri kwa nsungwi. Pomaliza anawerenga dzina la wosaina.

A Solomon analandira pepalalo, naliyang'ana chozondoka poti sankadziwa kuwerenga, naitana mtsikana.

"Mwana wanga, dzanja ili ndi lako?"

"Ndi langa, agogo." Kenako anatembenukira kwa Jethro, naiwala kuti mtsikana salankhula pamphasa asanafunsidwe. "A Jethro, munati mudzandiimila!"

"Mama, ine ndimaimila choonadi," anayankha Jethro mosatekeseka. "Chuma cha malemu sichibisidwa. Kodi ndinakuitanani? Munabwela nokha. Kodi ndinakugwilani dzanja? Munalemba nokha."

"Munakana nkhuku yanga. Munati ndine mwana wamasiye."

"Wokana nkhuku amakhala ataona ng'ombe," anatero a Jemima, osakweza mutu.

A Solomon anafunsa Nason ngati zolembedwazo zinali zoona. Nason anaimirira, natsokomola nthawi yaitali.

"Zaka zinai ndasunga mau a mnzanga," anatero. "Mukanandifunsa nonsenu, ndikanakhala chete mpaka dzuwa kulowa. Mukananditengela ku Boma, ndikanakhalabe chete. Koma mwana wa Eston walemba yekha. Ine ndingatsutse dzanja la mwana wa Eston? Zilipo."

A Jemima anayesa kumenya nkhondo. Ananena kuti mlongo wawo anasiya mawu akuti ng'ombezo ndi za sukulu ya mwana. A Solomon anapukusa mutu mwachisoni.

"Jemima, amene ananena mau amenewo ali m'manda. Pepala ili likuti ng'ombe ndi za Eston, ndipo zatchulidwa pamphasa. Ine ndingatani? Ndi za Amock."

Amock anaomba m'manja katatu. Kenako, pofuna kuoneka wowolowa manja pamaso pa anthu, anatembenukira kwa mlamu wake.

"Mlamu, mwatopa nayo njinga. Sankhanipo imodzi."

Jethro sanachite kuganiza.

"Ija yofiila, ya banga pamphumi. Nthanda, eti? Mtsikanayu anaifotokoza bwino kwambili. Ndinaikonda ndisanaione."

Tryphena analira. Sanalire mokuwa ngati pamaliro, misozi inkangotsika yokha. Zinamupweteka kuti munthu amene anamugwadira, namuululira za kumtima, anamugulitsa akumwetulira. Koma chimene chinamulasa koposa n'chakuti naye anali atagulitsa anthu awiri amene sanamulakwire: atate ake ali m'manda, ndi nkhalamba ya chifuwa ija imene inaima chipewa m'manja.

Amock sanathere pomwepo. Munthuyu ng'ombe ankazidziwa.

"Misoti itatu, zaka zinai, yosabeleka? A Mwale, khola lanu lili ndi mankhwala anji?"

"Pepala lanena zitatu," anatero Nason.

A Solomon anaona kuti mkangano ukudza, ndiye anaudula msanga. "Pepala lanena zitatu. Ng'ombe imene idzapezeke ikutsata mai wake mwa zitatuzo, ipita ndi mai wake. Zina zonse za m'khola la Mwale ndi za Mwale. Pindani mphasa."

"Zili bwino," anatero Amock. "A Mwale, lelo mugona kuno, ndinu mlendo wanga. Mawa tipitila limodzi, ndikaone ndi maso anga zimene zikutsata amai ao."

5. Mtsuko

Dzuwa linali litapendeka. Amuna anasamukira kunyumba ya Amock kumene kunali mowa. Tryphena anakabisala kuseri kwa nkhokwe, pomwe paja anachenjezedwera. A Jemima anamupeza pamenepo.

Mtsikana anayembekezera mawu ambiri. Koma ankhazi ake anangokhala pansi pambali pake.

"Ukanamufunsa funso limodzi lokha, NyaZimba," anatero a Jemima. "Ndinu a chiwongo chanji? Akanati Shawa, ukanakumbuka kuti kunyumba ya Amock kuli NyaShawa, ukanagula sopo wako n'kubwelako. Safunsa anadya phula. Koma madzi akatayika saoleka. Pukuta maso."

Kunamveka chifuwa chikuyandikira. Anali Nason. Anali atauza Amock kuti utsi wa fodya wamutsamwitsa, akufuna kamphepo ndi madzi akumwa.

Tryphena anagwada mpaka chipumi kutsala pang'ono kugunda pansi.

"Adada, ndikhululukileni. Ndinakuyesani wakuba."

"Ndinakuona pamalilo paja," anatero Nason motsitsa mawu. "Unafuna ndikusekelele. Ine ndinali kulila m'mimba, mwana wanga, kwinaku ndikupatsa fodya munthu amene sindimufuna, kuti asandiganizile. Udziwe lelo kuti si onse okusekelela amakukonda, ndipo si onse okudutsa amakuda. Koma dzuka, nthawi yolalikila palibe."

Anasuzumira kumbali ya nkhokwe, napitiriza.

"Zitatu zija zapita, ndi matole awili amene akuyamwa apita nazo. Koma zilipo zinai zazikulu, zobadwa zaka zoyamba. Zinasiya kuyamwa, koma zimagonabe pambali pa amai ao, ndipo Amock akangoziona adzazidziwa. Zikachoka m'khola muja iye asanafike, palibe angazitchule. Zinai zimenezo zikhoza kukufikitsa pa uphunzitsi."

Tryphena anakweza maso.

"Ine andimanga ndi ulemu, sindingachoke. Ankhazi akowa NyaShawa akuwaponda chidendene. Watsala ndiwe. Ukauze mkazi wanga kuti zinai za Eston azipilikitsile kwa mlongo wake kudambo. Usauze wina, ngakhale akupatse moni wokoma bwanji panjila."

Anatsokomolanso, napukuta pakamwa.

"Pepala lokupatsa ndilibe. Ndikukupatsa mau. Kodi mau ungawasunge?"

Tryphena anatsegula pakamwa kuti alumbire, koma anatsekanso. Anangogwedeza mutu.

A Jemima analowa m'nyumba, natuluka ndi mtsuko. M'kati mwake anali ataponyamo mbatata ziwiri zootcha.

"Senza, uziyenda ngati wopita kuchitsime. Usathamange mpaka utapitilila minda. Mtsuko ukausiye pachulu, ndidzautenga."

Mtsikana anasenza, nadutsa pabwalo mosafulumira. Kunyumba ya Amock amuna ankaseka. NyaShawa anamuyang'ana, naona mtsuko pamutu, nabwerera ku zake.

Podutsa pa mtengo wa mango, Tryphena anaponya diso. Njinga ija panalibe.

Pansi panali kamzere ka tayala, katsopano, kolowera kunjira yotuluka m'mudzi. Anakatsata, akudziuza kuti munthuyo wangobwerera kwawo ku Boma. Anapitirira minda. Anafika pamphambano ya pa chulu chachikulu, naima.

Njira ya kumanzere, ya ku Boma, inali yosalala, yopanda chizindikiro. Kamzere kaja kanakhotera kumanja, kutsikira kudooko. Jethro Shawa sanafune kudikira mawa kuti aone ng'ombe yake, ndipo njira sanafunse munthu. Anali ataimva bwinobwino pansi pa mkuyu. Akanayamba ndi iye kufika kukhola, akanaziona zinayi zija pambali pa amayi awo.

Tryphena anatula mtsuko pachulu, namanga nsalu yake zolimba m'chiuno, nayamba kuthamanga.